Wotchi ikuti mtima wakwera, miyendo ikuti tiyeni: kuthetsa chisokonezo cha manambala a mtima pa njinga

Pakati pa anthu opalasa njinga za mpikisano muno mu Lilongwe pali madandaulo amene amangobwerabwera. Wina amati wotchi yake imamuika mu zoni 5, chigawo chapamwamba kwambiri cha kugunda kwa mtima, kuchokera pa mphambano ya ku Bunda mpaka ku Nathenje, chonsecho njira yonseyo iye akucheza bwinobwino ndi mnzake. Wina amati ngakhale apalase mpaka maso kuchita mdima, nambala ya kugunda kwa mtima pa mphindi siidutsa 160. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi uja amene watsatira manambala mokhulupirika pa mpikisano wa makilomita 100, koma pofika pa 70 miyendo n'kungouma, gulu n'kumusiya akuyang'ana.

Onsewa akuyembekezera kuti kugunda kwa mtima kuwauze kuchuluka kwa ntchito imene miyendo ikugwira. Zimenezo mtima sunena. Umangoyankha zimene thupi lonse likupempha pa nthawiyo, ndipo thupi limapempha magazi pa zifukwa zambiri: kupalasa, inde, komanso dzuwa, ludzu, kusagona, mantha a pa mzere woyambira, ngakhale malungo amene sanaonekere. Nambala imakhala ndi tanthauzo pokhapokha mukaiika pafupi ndi malire anu enieni, n'kuiwerenga pamodzi ndi kapumidwe kanu ndi mmene tsikulo lilili.

Yambani ndi chida chimene chikuyeza

Musanayambe kudera nkhawa mtima wanu, kayikirani kaye chida. Wotchi ya pamkono imayeza ndi kagetsi kobiriwira kamene kamawala pakhungu n'kumaona mmene magazi akudutsira. Munthu akakhala pansi kapena akamayenda, imachita bwino ndithu. Pa njinga imavutika: dzanja lafumbata handulo, mkono wapindika, msewu uli ndi maenje ndi zigamba za phula, ndiye wotchi imagwedezeka. M'mawa wa Juni kapena Julaye, kukazizira mpaka zala kuuma, timitsempha ta pakhungu timafinyika ndipo kagetsi kaja sikaona bwino. Zotsatira zake, mukukwera chitunda mwawefuwefu koma wotchi ikuti 95. Ngati muli ndi wotchi yokha, imangeni yothina ndipo muikwezeko m'mwamba pang'ono, zala ziwiri kuchokera pa kafupa ka pamkono. Koma ngati mukufuna kuyeza malire anu, bwerekani kapena gulani lamba wa pachifuwa. Iyeyu amamva magetsi a mtima weniweniwo.

Lamba nayenso ali ndi zake. Timalo tiwiri tosalala ta mkati mwake timafuna chinyezi kuti tigwire ntchito, ndipo nyengo yathu youma, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, khungu limakhala gwa. N'chifukwa chake mphindi 10 zoyambirira nambala imadumphadumpha, kenako thukuta likayamba imakhazikika. Nyowetsani timaloto ndi madzi kapena malovu musanavale. Vuto lina limabwera potsetsereka. Mukutsika kuchokera ku Mvera kulowera ku Salima, simukupalasa n'komwe, koma nambala ikuti 228. Kawirikawiri ameneyo ndi jezi ya nayiloni yokhwepa imene ikukupiza ndi mphepo n'kumapanga magetsi aja amathetheka mukamavula juzi usiku. Valani jezi yogwira thupi, kapena thirani madzi pang'ono pachifuwa. Lamba akayamba kuduladula, nambala n'kumazimiririka, sinthani batire; Garmin HRM-Dual amagwiritsa CR2032, Polar H10 amagwiritsa CR2025. Muzimutsukuluza lambayo mukabwerako, chifukwa mchere wa thukuta ukaumirapo umasokoneza.

Mukakayikira muli pamsewu, imani, ikani zala ziwiri pa mtsempha wa pamkono, werengani kwa masekondi 15, chulukitsani ka 4. Ngati zala zikuti 130 pamene chida chikuti 210, chida chalakwa. Mukafika kunyumba onaninso ngati pulogalamu ya pafoni sinatenge 228 uja ngati nambala yanu yapamwamba, chifukwa ikatero mazoni onse amasokonekera kwa miyezi inu osadziwa. Koma ngati zala nazonso zikumva mtima ukuthamanga choncho, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndiifotokoza kumapeto.

Mazoni amene wotchi inakupatsani si anu

Mukagula wotchi n'kulembamo zaka zanu, yambiri imachotsera zakazo pa 220 n'kunena kuti imeneyo ndiyo nambala yapamwamba ya mtima wanu. Munthu wa zaka 35 amapatsidwa 185. Njira ina, imene Hirofumi Tanaka ndi anzake anafalitsa mu 2001, imati 208 kuchotsapo zaka zochulukitsa ndi 0.7, ndipo kwa munthu yemweyo imapereka pafupifupi 184. Zonsezi ndi avareji ya anthu ambirimbiri. Munthu mmodzi payekha akhoza kukhala pamwamba kapena pansi ndi 10, 12, ngakhale kuposa.

Tiyerekeze anthu awiri a zaka 35. Woyamba mtima wake umafika 197. Wotchi imamuyambitsira zoni 5 pa 90 peresenti ya 185, kutanthauza 167, ndiye amangokhalira kuchenjezedwa pamene iye akadali ndi mpata wambiri. Akamvera wotchi, amabwerera m'mbuyo pa nthawi imene anayenera kugwira gulu. Wachiwiri mtima wake umathera pa 174. Iyeyu wotchi imamunamiza kuti sakulimbika, ndiye tsiku lililonse amadzikakamiza kuti aone nambala imene thupi lake silingafike, ndipo masiku amene anayenera kupalasa mopepuka amawapalasa molimba. Pakati pa awiriwa palibe amene ali wamphamvu kuposa mnzake chifukwa cha nambalazi. Choncho siyani kufunsana pagulu kuti "wako uli pa zingati?" Yankho la mnzanu silikuthandizani kalikonse.

Chimene chimathandiza ndi kumanga mazoni anu pa malire a lactate.

Minofu ikamagwiritsa ntchito shuga imatulutsa lactate nthawi zonse, ngakhale mutakhala pampando. Pa nthawi yopuma m'magazi mumakhala pafupifupi 1 mmol (muyeso wa kuchuluka kwake) pa lita. Kale anthu ankati lactate ndi zinyalala zimene zimapweteketsa miyendo mawa lake. Kafukufuku wa George Brooks wa ku University of California ku Berkeley, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti thupi limamugwiritsanso ntchito ngati chakudya: mtima umamudya, minofu ina imamudya, chiwindi chimamubwezanso kukhala shuga. Mukasiya kupalasa, pakatha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono amakhala atabwerera mwakale, ndiye kuphwanya kwa miyendo kwa Lolemba si ntchito yake. Kufunika kwake kwa ife n'kwakuti amasonyeza pamene thupi layamba kulephera kuyenderana ndi ntchito. Zili ngati ngalande za m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja: mvula ikamagwa yapakatikati, madzi amalowa n'kumapita, ikafika pochuluka kuposa mmene ngalande ingatengere, madzi amasefukira mumsewu ndipo amakwera mofulumira.

Malirewo alipo awiri, ndipo ambiri amangodziwa amodzi. Oyamba ndi pamene lactate wayamba kukwera pang'ono kuchoka pa mlingo wa popuma, kwa ambiri chapafupi ndi 2 mmol. Pansi pa malire amenewa mungapalase maola ambiri, bola mukudya ndi kumwa. Mumawazindikira ndi pakamwa: mukutha kunena chiganizo chathunthu osadukiza kuti mukoke mpweya. Achiwiri ndi pamene thupi likungokwanitsa kuchotsa lactate mofanana ndi mmene akupangidwira. Kale ankawaika pa 4 mmol kwa aliyense, koma anthu amasiyana. Pa malire amenewa munthu wozolowera amatha kukhalapo mphindi 40 mpaka ola limodzi, akulankhula mawu awiri kapena atatu basi. Mukawadutsa, nthawi yanu imawerengeka m'mphindi zochepa. Opalasa akamati threshold, kapena mukaona LTHR pa wotchi, akunena kugunda kwa mtima kwa pa malire achiwiriwa.

Kuyeza malire anu pamsewu

Kuyeza kwenikweni amachita kubaya chala n'kuika dontho la magazi pa kamakina, mobwerezabwereza pamene ntchito ikukwera. Timapepala take ndi todula ndipo sitipezeka wamba. Njira imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya mphunzitsi Joe Friel, ndipo imangofuna lamba ndi msewu. Mukatenthetsa thupi kwa mphindi 15 kapena 20, palasani nokha kwa mphindi 30 mwamphamvu zonse zimene mungazigawe mofanana pa nthawi yonseyo. Pakatha mphindi 10 dinani batani la lap, limene limayambitsa chigawo chatsopano cha kuyeza. Avareji ya mphindi 20 zomalizirazo ndiyo LTHR yanu. Mphindi 10 zoyamba zimasiyidwa chifukwa mtima umatenga nthawi kuti ufike pa mlingo wa ntchito.

Apa ndi pamene zinthu zambiri zimalakwika. Mphindi 30 pa liwiro la makilomita 32 pa ola ndi makilomita 16, ndipo mukufuna makilomita amenewo opanda maloboti, opanda mahampu, opanda msika. Pa msewu wa ku Mchinji kapena wa ku Bunda ndi Mitundu, yendanipo kaye tsiku lina n'kusankha chigawo cha pakati pa malo a malonda. Kutsetsereka kwakutali kumaononga mayeso chifukwa mtima umatsika. Malo athyathyathya kapena okwera pang'onopang'ono ndiwo abwino. Pitani m'mawa wa Lamlungu magalimoto asanachuluke, ndipo maso akhale pamsewu, osati pa wotchi. Mathiraki, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza sizidziwa kuti muli pa mayeso. Amene muli ndi makina opalasira m'nyumba mungayezere pomwepo, koma ikani fani yamphamvu kutsogolo, apo ayi kutentha kukweza nambala.

Kulakwitsa kofala ndi kuyamba ndi ukali. Munthu amaphulika pa mphindi 5 zoyamba, pofika pa 18 watheratu, mtima n'kuyamba kutsika, avareji n'kutuluka yochepa. Mayeso oyenda bwino amaoneka pa chithunzi chake: mzere wa mtima umakwera m'mphindi 10 zoyamba, kenako umakhala pafupifupi pamodzimodzi kapena kukwera pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Ngati mzere wanu uli ndi phiri koyambirira n'kutsetsereka kumapeto, pumani masiku angapo mubwereze. Musayeze muli kumbuyo kwa mnzanu, musayeze mutatopa ndi ulendo wautali wa dzulo, musayeze masana a Okutobala. Ndipo ngati mumathamanganso, musatenge nambala ya pothamanga n'kuigwiritsa pa njinga. Kwa ambiri ya pa njinga imakhala yotsikirapo.

Tibwerere kwa munthu uja mtima wake umafika 197. Tinene kuti mayeso amupatsa 176. Potsatira magawo a Friel a pa njinga, zoni 1 ndi pansi pa 81 peresenti, kutanthauza pansi pa 143. Zoni 2 ndi 81 mpaka 89 peresenti, 143 mpaka 157. Zoni 3 ndi 90 mpaka 93, cha pa 158 mpaka 164. Zoni 4 ndi 94 mpaka 99, 165 mpaka 174, ndipo kuyambira 176 kupita m'mwamba ndi zoni 5. Onani kusiyana kwake: 167 amene wotchi inkamuopseza naye uja ali pansi pa malire ake. Lowetsani manambala anuwo mu wotchi ndi mu pulogalamu ya pafoni monga Strava, n'kuzimitsa zija zoti chida chizisintha chokha. Kenako yesani ndi pakamwa. Ngati kumtunda kwa zoni 2 simukutha kulankhula chiganizo chathunthu, tsitsani malire a zoniyo ndi 3 kapena 5. Pamenepa khulupirirani mpweya wanu kuposa masamu.

Mtima ukungokwera pamene liwiro ndi lomwelo

Ili ndi vuto la chilimwe, ndipo ambiri limawasokoneza. Mwanyamuka m'mawa pa 145, liwiro makilomita 28 pa ola. Pofika ola lachiwiri liwiro ndi lomwelo koma mtima uli pa 156. Simunaonjezere mphamvu. Thupi latentha, ndiye magazi ambiri akupita kukhungu kukataya kutentha. Thukuta lachepetsa madzi m'magazi. Mtima pa kugunda kulikonse ukutulutsa magazi ocheperapo, ndiye ukubwezera pogunda kambiri. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene masana Lilongwe imafika madigiri 30 ndi kupitirira, izi zimayamba msanga ndipo zimakula.

Kukwera pang'ono n'kwachibadwa. Friel amati pa ulendo wautali wa zoni 2, kusiyana kwa kugunda kwa mtima pa mphamvu yomweyo pakati pa theka loyamba ndi lachiwiri kukakhala pansi pa 5 peresenti ndiye kuti maziko anu a kupirira ali bwino. Chitsanzo cha 145 ndi 156 chija ndi pafupifupi 7 peresenti, ndiye pali chofunika kuchiona. Ambiri a ife tilibe power meter, chida choyeza mphamvu imene miyendo ikutulutsa, timadalira liwiro, choncho samalani ndi mphepo. Mukapita ku Dedza mukulimbana ndi mwera n'kubwerera ukukukankhani, matheka awiriwo simungawafananitse. Pezani njira yozungulira n'kuibwereza kangapo, kuti chigawo chilichonse chikhale ndi mphepo ndi zitunda zofanana.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi madzi, dziyezeni pa sikelo musananyamuke ndi mutangobwerako, mulibe zovala zonyowa. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Kutaya koposa 2 peresenti ya kulemera kwanu, monga makilogalamu 1.4 kwa munthu wa 70, kumayamba kudya mphamvu, makamaka kukatentha. Muzimwa pang'onopang'ono kuyambira koyambirira, osadikira kuti pakhosi paume. Pa ulendo wautali wa thukuta lambiri, botolo limodzi likhale ndi kamchere ndi shuga. Sobo wosungunula wothira kamchere pang'ono amagwira ntchito. Osamwanso madzi okhaokha mopitirira muyezo, mpaka kulemera kuposa mmene munanyamukira, chifukwa zimenezo zimachepetsa mchere m'magazi ndipo n'zoopsa. Ngati madzi ali bwino, kunja sikukutentha, koma mtima ukukwerabe kwambiri, ndiye kuti maziko sanakwane. Mankhwala ake ndi maulendo ataliatali odekha kwa milungu yambiri, osati kuonjezera ukali.

Malo nawonso amasintha nambala. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, tauni ya Dedza cha pa 1,600, pamene Salima ili m'munsi cha pa 500. Ku Dedza mpweya ndi wopepukirapo, ndiye pa kugunda komweko miyendo imatulutsa mphamvu yocheperako. Ku Salima mpweya ndi wokwanira koma kutentha kumalanda phindulo. Amene watsika ndi chimwemwe m'mawa amadzalipira pokwera kubwerera ku Mvera dzuwa lili paliwombo.

Mtima ukukana kukwera

Izi anthu amazitenga ngati nkhani yabwino: "ndalimba, onani mtima uli pansi." Nthawi zina n'zoona. Ngati pa liwiro lomwe lija mtima watsika, miyendo ikumva kupepuka, ndipo mukafuna kukwera mpaka pa malire anu mukukwera, ndiye kuti mwalimbadi. Koma ngati mukukankha mwamphamvu, miyendo ikulemera, kupuma kuli kwa zoni 4 koma nambala yakakamira pa zoni 3, thupi latopa. Zimachitika pambuyo pa masiku angapo olimba otsatizana, kapena pamene shuga wosungidwa mu minofu sanabwerere chifukwa simunadye mokwanira. Bwererani kunyumba mopepuka, idyani nsima yokwanira, gonani. Pakapita masiku awiri kapena atatu opuma mudzaona mtima ukukwera msanga kuposa kale, ndipo zimenezo si chizindikiro choti mwafooka.

Giya imasinthanso zinthu. Mukamakankha giya yolemera miyendo ikuzungulira pang'onopang'ono, mtima umakhala wotsikirapo koma minofu ikulipira. Giya yopepuka yozungulira msanga imakweza mtima pang'ono n'kupulumutsa miyendo. Pa mpikisano wautali ine ndimasankha yachiwiriyo. Mankhwala nawonso: amene amamwa atenolol kapena propranolol chifukwa cha BP, mtima wawo sungakwere ngati kale, ndipo mazoni akale sagwiranso ntchito. Musasiye mankhwala kuti nambala ikwere. Kambiranani ndi dokotala. Mbali inayo, khofi wamphamvu ndi salbutamol wa mphumu amatha kukweza nambala.

Nambala ya m'mawa ndi malungo

Chizolowezi chimene ndimalimbikitsa aliyense ndi kuyeza mtima mukangodzuka, musanatsike pabedi, n'kulemba. Pakatha milungu iwiri mumadziwa nambala yanu. Tsiku limene yakwera ndi 7 kapena 10 popanda chifukwa chodziwika, musapite kokachita zolimba. Mwina simunagone bwino, mwina munamwa mowa dzulo, mwina chimfine chikubwera. Kuno kwathu ganiziraninso malungo, makamaka ngati munali kunyanja kapena ndi nthawi ya mvula. Thupi likatentha ndi digiri imodzi, mtima umakwera ndi pafupifupi 10. Ngati nambala yakwera ndipo mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya, kapena mukumva kuzizira, pitani akakuyezeni magazi tsiku lomwelo.

Kupalasa thupi likutentha ndi chinthu chimene sindifuna kuona aliyense akuchita, ngakhale mpikisano utakhala kuti munaulipirira kale. Matenda ena a mavairasi amatha kutupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuukakamiza pa nthawi imeneyo kukhoza kupha. Mukamaliza LA wa masiku atatu n'kumva bwino, musaganize kuti mwabwerera mwakale. Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, amene ndi onyamula mpweya, ndiye kwa milungu ingapo mtima umagunda kwambiri pa ntchito yochepa. Bwererani pang'onopang'ono, ndipo mayeso a malire musawachite mpaka nambala ya m'mawa itakhazikika. Chimodzimodzi ngati kwa miyezi mtima ukukhala pamwamba, mukutopa msanga, zikhatho ndi m'maso mwayera: kayezetseni kuchuluka kwa magazi. Likodzo, njoka za m'mimba, kusowa kwa ayironi m'zakudya, ndi msambo wochuluka kwa amayi, zonsezi zimachepetsa magazi, ndipo palibe ndondomeko ya mazoni imene ingakonze zimenezo.

Pa tsiku la mpikisano

Pa mzere woyambira mtima umakhala utakwera kale musanapalase, ndipo m'mphindi zoyambirira nambala imakhala pamwamba kuposa ya masiku onse. Musachite mantha, koma musanamizikenso. Vuto lenileni la makilomita oyamba ndi lakuti miyendo ili yatsopano ndipo simumva mtengo wa zimene mukuchita. Mpikisano wa maola atatu kapena anayi sungapalasidwe pa malire amene thupi limangowapirira ola limodzi. Nthawi yambiri iyenera kukhala pansi pake, ndipo kudutsa malire kuzisungidwira malo amene kukupindulitsani: kugwira gulu likamasweka pa chitunda, kapena kumapeto. Kukhala kumbuyo kwa anzanu m'gulu kumapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu pa malo athyathyathya, ndiye kulowa zoni 5 kwa mphindi imodzi kuti musasiyidwe n'kwanzeru. Kukokera gulu lonse kutsogolo kwa mphindi 20 pa kilomita 15 si kwanzeru.

Misewu yotuluka mu Lilongwe ili ndi tizitunda tambiri tafupitafupi, makamaka pochoka pa milatho, monga pa Diamphwe ndi pa Linthipe. Pa tizitunda totere wotchi imakhala m'mbuyo. Mtima umatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ufike pa mlingo wa ntchito, ndiye mukhoza kukwera kachitunda ka masekondi 45 ndi mphamvu yoposa malire anu kwambiri, nambala n'kumaonetsabe 160, kenako n'kufika 178 muli kale pamwamba. Mukachita zimenezo kakhumi, miyendo yalipira ngongole imene wotchi sinakuuzeni pa nthawi yake. Pa chitunda chachifupi mverani miyendo ndi mpweya, pepukitsani giya musanafike pakati. Nambala ya mtima ndi yothandiza pa zitunda zazitali, monga kukwera kolowera ku Dedza, pamene ili ndi nthawi yokhazikika.

Mukafika kunyumba n'kutsegula manambala, avareji ya mpikisano wonse isakutengereni nthawi. Imasakaniza kutsetsereka ndi kukwera n'kutulutsa nambala yosanena kanthu. Onani mphindi 30 zoyamba, muwerenge kuti munakhala nthawi yaitali bwanji pamwamba pa LTHR. Kenako pezani malo amene munayamba kufooka, muike mzere wa mtima pafupi ndi wa liwiro. Ngati liwiro likutsika koma mtima uli pamwamba kapena ukukwerabe, munagonja ndi kutentha ndi ludzu. Ngati liwiro likutsika ndipo mtima nawo ukutsika, osafunanso kukwera, shuga anatha. Thupi limasunga shuga wokwanira pafupifupi mphindi 90 za ntchito yolimba, ndipo mukayamba mwaukali amatha msanga. Pa mpikisano wautali muzidya magalamu 30 mpaka 60 a chakudya cha shuga kapena sitachi pa ola, kuyambira ola loyamba lomwe. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi pafupifupi magalamu 25. Mbatata yophika yodulidwa tizidutswa, buledi wopaka jamu, zonsezi zimalowa m'thumba la jezi. Ziyeseni pa masiku okonzekera kuti mimba izolowere.

Malire anu ayezeninso pakatha milungu 6 kapena 8, pa chigawo chomwe chija cha msewu, nthawi yomweyo ya m'mawa. Musadabwe LTHR ikasintha pang'ono chabe kapena osasintha n'komwe. Kwa munthu amene wapalasa zaka zingapo imakhala pafupifupi pamodzimodzi. Chimene chimasonyeza kupita patsogolo ndi mtunda umene mwayenda m'mphindi 30 zomwezo pa kugunda komweko. Lembani mtundawo pamodzi ndi mmene mphepo inalili.

Pamene wotchi iyenera kuikidwa pambali

Pali zizindikiro zimene si za batire kapena jezi. Mtima ukadumpha mwadzidzidzi kuchoka pa 140 kufika 200, inu n'kumaumva ukuphiriphitha m'chifuwa, mwaima koma sukutsika, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi kubwerera mwakale, musazitaye. Chimodzimodzi kupweteka kapena kuthina kwa pachifuwa, chizungulire, kukomoka, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukugwira, kapena kugunda kodumphadumpha kumene zala zanu zikukumva. Tsikani pa njinga, musapalase kubwerera, imbirani wina adzakutengeni. Pitani kuchipatala mukapemphe kuti akuyezeni mtima ndi ECG, ndipo tengani foni yanu mukawaonetse adokotala chithunzi cha pamene zinachitikira, chifukwa pofika kumeneko mtima umakhala utabwerera mwakale. Ngati m'banja mwanu wina anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, kapena munauzidwapo muli mwana kuti mtima wanu uli ndi vuto, kapena muli ndi BP kapena shuga, kaonaneni ndi dokotala musanachite mayeso a mphindi 30 aja.